Mukamve Kawiri

Anali atangobweza mipando ya aneba pamene chitseko chinagogodwa, katatu, mofanana, kugogoda kwa munthu wodziwa kuti amutsegulira. Agogo anaimitsa tsache. Odzapepesa maliro sagogoda choncho. Iwo amagogoda ndi chala chimodzi, ena amangoti odi chapansipansi. Uku kunali kugogoda kwa munthu wonyamula pepala.

"Musatsegule, amake mwana. Funsani kaye."

Koma mpongozi wawo anali atatsegula kale. Panali patapita masiku asanu ndi limodzi chimuikireni mwamuna wake m'manda, ndipo anali atazolowera kutsegulira aliyense.

Analowa bambo wa jekete lotuwa, nsapato zopanda fumbi, chikwama chachikopa m'khwapa. Anati ndi loya wa kampani imene malemu ankagwirako ntchito. Anapepesa bwinobwino, mawu ali pansi. Agogo anamuyang'ana m'manja. Munthu umamuonera m'manja. Pakamwa pakupepesa, chala chinali kale pa zipi ya chikwama.

Malemuyo anali mwana wawo wotsiriza. Dzina la pa mapepala anali nalo, koma m'nyumba anali Mawaya, kuyambira tsiku limene anamasula wailesi ya bambo ake ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri kuti aone anthu olankhulamo. Atakula anakhala wopanga mapulogalamu a pakompyuta. Ntchitoyo agogo sankaimvetsa. Ankangoona munthu wamkulu, wandevu zake, atawerama tsiku lonse kujompha mabatani, ndipo ankamuchenjeza kuti maso adzamuthera, msana udzapindika, magetsi adzamugwira. Sizinamuphe zimenezo. Anagwa pa masitepe a kuntchito Lachiwiri m'mawa, kapu ya tiyi ili m'manja, mtima utangoima. Pa zonse zimene anamuchenjeza, za mtima anaziiwala.

Loya anayamba ndi chopepuka. Laputopu ya kuntchito inali ya kampani, ndiye anabwera kudzaitenga. Mpongozi anakaitenga kuchipinda, naipukuta ndi mkono wa diresi asanaipereke. Kenaka munthuyo anatulutsa mapepala anayi omata pakona, nawaika patebulo pakati pa makapu. Agogo anasuntha kapu yawo kuti isagundane nawo.

Pepala ankalidziwa. Zaka makumi atatu zapitazo kunabwera munthu pamsika, waulemu chimodzimodzi, nati akulemba mayina a amalonda kuti awamangire denga. Agogo anaika chala. Sabata yotsatira benchi yawo ya tomato inali ya munthu wina, ndipo pepala linkanena kuti anaipereka okha. Chiyambire tsikulo chala chawo sichinagundenso inki, ndipo ana awo anakula akumva mawu amodzimodzi m'mawa ndi madzulo: pepala lofuna dzina lako usalifulumire, pita nalo kunyumba, ukalimve kawiri.

"Nkhani yaikulu ndi ya pulogalamu yowerenga ija," anatero loya.

Agogo anagwira pachifuwa pamene panali foni yawo, yokulunga m'kansalu.

Zaka zisanu zapitazo anamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kawiri m'malo mwa kamodzi, chifukwa zolemba pabotolo kwa iwo zinali nyerere chabe. Anagona m'chipatala masiku atatu. Atatuluka, Mawaya anakhala patebulo lomweli Loweruka ndi Lamlungu lililonse kwa chaka chathunthu, ndi kompyuta yake yakale yothyoka pakona, atadzifunditsa bulangeti kumutu kuti phokoso la msewu lisalowe, akulankhula yekha ngati wodwala malungo. Ankajambula mawu ake. Pamapeto pake anawapatsa foni. Ukailoza pa pepala n'kudina, mawu a Mawaya amakuwerengera zolembedwazo m'chilankhulo cha kunyumba, mosathamanga. Poti agogo ankaopa kudina polakwika, iye anadula kabatani kapansi ka malaya ake, nakamata ndi guluu pambali pa foniyo, pamalo odina penipeni, kuti chala chizikapeza chokha.

Agogo anaionetsa kwa amayi anzawo pamzere wa kuchipatala. Amayiwo anauza ana awo, anawo anauza anzawo. Mawaya sanalipiritse munthu. Chaka chino anthu oigwiritsa ntchito anali ochuluka moti kampani inayamba kuiyang'ana ndi diso lina.

Loya analongosola mofatsa, ngati namwino wouza munthu kuti mwendo audula. Mgwirizano umene malemu anasaina polowa ntchito unkati chilichonse chimene angapange pa nthawi ya kampani kapena ndi zida za kampani n'cha kampani. Mpongozi anati mwamuna wake ankapangira pano, pa masiku opuma, ndi kompyuta yakeyake. Loya anavomera, nati n'zoona, ndipo umboni ulipo. Opanga mapulogalamu ali ndi kachitidwe kawo: akasintha kanthu, ngakhale kadontho, makina amalemba tsiku, ola, ndi kompyuta imene munthu wagwiritsa ntchito. Malemu anasintha pulogalamuyo maulendo oposa chikwi, onse Loweruka, Lamlungu kapena madzulo kunyumba. Onse kupatula umodzi. Ulendo umodziwo unali Lachitatu, nthawi ya 10 koloko m'mawa, mu ofesi ya kampani, pa laputopu imene inali m'chikwamayo. Ndipo chimene anakonza tsikulo sichinali chaching'ono: inali mbali yowerenga manambala olemba pamanja, imene zipatala zikuifuna kwambiri.

Kampani inkati tsiku limodzilo likukwanira. Koma khoti n'lochedwa, ndiye inkafuna kumvana. Malemu analemba eni ake a pulogalamuyo awiri, iye ndi amayi ake. Gawo lake lisainidwa ndi mkazi wake. Gawo linalo likufuna chala.

"Chala cha yani?" anafunsa agogo, ngakhale anali atamva.

"Chanu, amayi."

Nyumba imene ankakhalamo, zipinda ziwiri pansanjika yachitatu, inali ya kampani. Lamulo lake linali lakuti wantchito akamwalira, banja lituluke pakutha masiku makumi atatu. Akasaina, akhalamo mpaka mwana wa malemu, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, atamaliza sukulu ya pulaimale. Akakana, makiyi abwezedwe mwezi ukatha, nkhani ipite kukhoti, ndipo kampani idzapempha kuti pulogalamuyo itsekedwe mpaka woweruza atagamula. Mawuwo sakhala m'foni, anatero loya, amachokera kutali ngati a pawailesi. Wogwira kiyi ya pulogalamuyo ndiye amatseka ndi kutsegula.

Agogo anafunsa ngati mawuwo apitiriza kulankhula iwo akaika chala. Loya anakonza tayi. Anati pulogalamuyo ikhala yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo aikamo mawu ena, chifukwa anthu ogula satakasuka kumva mawu a munthu womwalira. Anasiya mapepalawo kuti awaganizire, nati Lachisanu 9 koloko awadikira ku ofesi.

Atatuluka, agogo anakhoma chitseko, nakayang'ana pawindo, pakati pa zitsulo, mpaka galimoto yake itakhota. Munthu wotere amatha kuiwala dala cholembera kuti abwerere.

Mwana wawo woyamba, woyendetsa malole a maulendo aatali, amene ngakhale amayi ake ankamutcha Dalaivala, anabwera masana kuchokera kokapima matayala. Anawerenga mapepalawo ataimirira, mpunga ukuzizira m'mbale. Anati ndi umbava wovala tayi. Anati mng'ono wake anatha chaka m'bulangeti pomwe mabwanawo ankasewera ndi ana awo, lero akufuna kutenga zonse chifukwa cha ola limodzi. Ali ndi mnzake amene mlamu wake ndi loya, ndipo loya ameneyo sanagonjepo.

"Alamu, Lolemba mukwera lole yanu," anatero mpongozi. "Ife tikwera chiyani?"

"Mubwera kwanga."

"Kwanu kuti? M'chipinda chija chokhala ndi bedi ndi mabatire awiri? Mwanayu azigona pa batire liti?"

Dalaivala anati nyumba zapalendi zilipo. Mpongozi, amene ankasoka makatani m'sitolo ina ya m'tauni, anamufunsa ngati anaonapo nyumba yolola wosoka makatani, mwana wachifuwa cha mphumu ndi munthu wokalamba, yomwenso ili pafupi ndi sukulu ndi chipatala ngati ino. Anati iye khoti saliopa, koma mlandu ukhoza kutha mwanayo atamera mabere, ndipo nthawi yonseyo mawuwo adzakhala ali chete ndithu. Dalaivala anati ndiye kuti akugulitsa mwamuna wake ndi zipinda ziwiri. Mpongozi anatola mbale ya mwamuna wake imene anali ataiika patebulo mosadziwa, naibweza m'kabati.

Onse awiri anatembenukira kwa agogo, poti chala chinali chawo.

"Iwe idya, chakudya chikamazizira chimatupitsa m'mimba," anatero agogo. "Ndipo usamalankhule pafupi ndi windo. Pansipa pali anthu."

Sananene zambiri chifukwa Lachitatu lija ankalidziwa.

Linali la mwezi wozizira, chaka chatha. Mdzukulu wawo ankabanika, mayi ake ali kuntchito. Agogo anapita naye kuchipatala, adokotala analemba mlingo wa mankhwala pamanja, zolemba zokhota ngati mphutsi. Kunyumba analoza foni, mawu a Mawaya anati masipuni asanu. Agogo anayang'ana botolo, anayang'ana kamwanako. Masipuni asanu botolo likanatha tsiku lomwelo. Analozanso, mawu anabwereza zomwezo. Khomo loyang'anana nalo kunali mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo anali momwemo, wailesi yake inkamveka. Koma neba sumuonetsa mapepala a m'nyumba mwako. Lero akuwerengera, mawa nsanjika yonse yadziwa kuti sudziwa kuwerenga ndiponso kuti mwana akudwala chiyani. Anaimbira Mawaya. Iye anati ali pa msonkhano, afunse aneba kapena adikire pang'ono. Anaimbanso. Anaimba kasanu ndi kanayi, ulendo wotsiriza akulira kuti mwana afera m'manja mwawo. Mawaya anatuluka mu msonkhano, nawauza kuti ajambule pepalalo amutumizire. Inali theka la sipuni. Anakhala pomwepo, pa kompyuta imene inali pafupi, nakonza kuti foni isadzanamizenso munthu wina.

Masitepe asanu ndi limodzi okha kukafika pa khomo la mphunzitsi. Agogo anawawerenga masitepewo Lachiwiri lonse, Lachitatu lonse, akusesa posesa kale. Akaika chala, atseka pakamwa pa mwana wawo ndi dzanja lawo lomwe. Akakana, mdzukulu atuluka ndi chifuwa chake kupita kumene fumbi limalowa pansi pa chitseko, ndipo pakamwapo patsekedwabe. Kulikonse kumene ankatembenukira kunali khoma. Foni sanaidine chimwalirireni Mawaya. Ankaitchaja m'mawa uliwonse, n'kuibweza m'kansalu. Ankaopa kumumva akulankhula.

Lachinayi m'mawa, mwana atapita kusukulu, mpongozi anatulutsa zovala za malemu naziunjika pabedi. Agogo anakhala mbali ina kumuthandiza kupinda. Chipindacho chinali chothina moti mawondo awo ankagunda kabati.

Mpongozi ananyamula malaya abuluu, nawatembenuza. Anati munthuyu sankadziwa kusamala. Malaya alionse kabatani kapansi kulibe. Awa, awa, ngakhale oyera a ukwati wa mnzake aja. Iye wosoka, koma mwamuna wake ankayenda ngati alibe mkazi. Akamufunsa, ankangoti mabatani apansi alibe ntchito, amabisala m'thalauza. Agogo ankadziwa za malaya amodzi okha, amizeremizere. Za enawo anaganiza kuti ndi makina ochapira. Anamuchenjezapo kale kuti makina amenewo amadya zovala.

Anapinda mkono umodzi, napindanso womwewo.

"Lachitatu lija ndine, amake mwana. Ndinamuimbira ndine."

"Ndikudziwa, amayi."

Agogo anadikira mawu otsatira, mutu uli pansi. Mpongozi anapitiriza kupinda. Anati tsikulo Mawaya anabwera akuseka yekha pa masitepe. Anamuuza kuti kuntchito kwawo kuli anthu olembedwa ntchito yongofufuza zolakwa m'mapulogalamu, a madigiri awo, koma cholakwa chimene chikanapha mwana wa munthu chapezedwa ndi mayi wosadziwa a kapena b, chifukwa choti sakhulupirira chilichonse, ngakhale mawu a mwana wawo. Anati munthu wotere si wongogwiritsa ntchito, ndi mnzake pa ntchitoyo. Madzulo omwewo, asanavule nsapato, anatsegula kompyuta yothyoka ija nalemba dzina lawo pamzere wa eni ake, pamwamba pa lake.

"Ndiye musamati munamulakwitsa. Mukanapanda kuimba, lero sakanakufunsani n'komwe. Akanangotenga."

"Ndiye mukufuna ndiike?"

Mpongozi anakumbatira malaya abuluwo pachifuwa. Anati iye dzina lake alemba, chifukwa cha mwana. Koma chala si chake, ndipo sadzawakakamiza. Akakana, makatoni awapeza kusitolo.

Zikanakhala bwino akanawakalipira. Munthu wokukalipira umatha kumukana.

Lachisanu ananyamuka atatu, Dalaivala atavala jekete la mng'ono wake limene silinkamangika pamimba. Agogo anawachenjeza kuti asalandire chakumwa chilichonse, asakhale chofulatira khomo, ndipo wina akapita kuchimbudzi mnzake atsale ndi mapepala. Pageti mlonda wachikulire anawalembetsa m'buku. M'katimo munali chikepe. Agogo anafuna masitepe, kenaka anakumbukira kuti ndi masitepe omwewo, nalowa m'chikepemo atatseka maso, atagwira lamba wa Dalaivala.

Chipinda chimene anawalowetsa chinali cha magalasi mbali zonse, chitseko chotsegula ndi khadi limene loya anali nalo pakhosi. Mawindo sankatseguka. Mphepo yozizira inkatsika kudenga, ndipo agogo anauza mpongozi kuti afunde, mphepo yopanda kochokera ndiyo imabweretsa chibayo. Kuseri kwa galasi anyamata ndi atsikana anali m'mizere, atawerama pa makompyuta. Desiki imodzi inali yopanda munthu. Patebulo panali botolo la madzi, cholembera, ndi kabokosi ka inki kotsegula kale.

Mpongozi anasaina mwamsanga, osayang'ana munthu. Loya anasunthira kabokosiko kwa agogo, nati awafotokozere mwachidule zili m'pepalamo, popeza 10 koloko ali ndi msonkhano wina.

"Mwachidule ayi. Ndili naye wondiwerengera."

Anamasula kansalu. Chala chinapeza kabatani chokha. Analoza foni pa tsamba loyamba, mpongozi atawagwira chigongono.

Mawaya anayamba kulankhula. Mawu ake omwewo, a m'mphuno pang'ono, a munthu wolankhulira m'bulangeti. Dalaivala anayang'ana kudenga. Mawuwo anatchula dzina la kampani, anatchula dzina la amayi ake, kenaka anatchula dzina lake lomwe nati wantchito amene anamwalira. Anawerenga za umwini, za kiyi, za nyumba ndi zaka zake. Pa tsamba lachitatu anati mawu ojambulidwa a malemu adzachotsedwa pa tsiku lomaliza la mwezi uno, ndipo anawerenga zimenezo mofatsa, monga ankawerengera kuti mbulu umodzi m'mawa mutadya. Kuseri kwa galasi mtsikana wina anasiya kulemba, naika dzanja pakamwa.

Pa tsamba lachinayi, pamene panali mizere yosainapo, mawuwo anaima pang'ono. Agogo anali asanalozepo foniyo pa pepala lofuna chala. Mapepala otero ankangowathawa.

"Apa akufuna dzina lanu kapena chala chanu. Musafulumire. Wokuuzani kuti n'zachangu, changucho n'chake, si chanu. Pitani nalo kunyumba, mukalimve kawiri."

Dalaivala anatulutsa kaphokoso, kuseka osati kuseka.

"Amayi, mawu anu awa. Kamwana aka kankatiseketsa nawo tikamadya, kumakuyeserani ndi mawu omwe."

Loya anayang'ana wotchi. Anati mapepalawo kunyumba apita kale.

"Apita, agonako masiku anayi," anatero agogo. "Kwatsala kawiri."

Anabwerera pa tsamba loyamba. Palibe anawaletsa. Ulendo uno anamvetsera ngati mmene ankamvetsera kupuma kwa mdzukulu wawo: liwu lililonse, ndi mpata wapakati pake. Panalibe msampha wobisika. Zonse zinali monga ananenera loya. Nyumba mpaka mwana amalize sukulu. Mawu mpaka mwezi uthe. Pepala loona limapweteka kuposa labodza, chifukwa sulipezera pothawira.

Anafikanso pa mizere ija. Mawuwo anaima monga poyamba, koma chimene chinatsatira chinali china. Kunamveka kaye kukhosomola, ndi kusuntha kwa mpando umene agogo anauzindikira, wa mwendo wofupika uja wa m'khitchini.

"Mwamva kawiri tsopano. Palibe amene wakupusitsani. Kaya muika chala, kaya mukana, mwasankha ndinu. Mukatero mukadye, mukagone. Amayi anga mpaka lero sagona chifukwa cha benchi ya tomato. Inu musatero."

Mpongozi anagwira m'mphepete mwa tebulo. Nayenso anali asanazimvepo. Ndani amamvetsera pepala la masamba anayi kawiri?

Agogo anaganiza za amayi a pamzere wa kuchipatala. Anaganiza za kamtsikana kakutsika masitepe a nsanjika zitatu kupita kusukulu, botolo la mankhwala lili m'thumba la yunifolomu. Kenaka anapukuta chala chachikulu pa nsalu yawo, nachiika mu inki. Inali yozizira ngati ya tsiku lija pamsika. Loya anafuna kuwagwira dzanja kuti awalondolere, iwo anabweza dzanja lake.

"Ndikuona pamene pali mzere. Maso ndili nawo."

Anadinda, nakanikiza mpaka chikhadabo chinayera.

Dalaivala anaimirira, mpando unagwa. Anapita pa chitseko, nakoka, nakankha, koma chitseko chinkafuna khadi. Anaima pomwepo atawafulatira, jekete la mng'ono wake litamuthina m'mapewa, mpaka loya anatolera mapepala ake n'kubwera kudzamutsegulira.

Anatsika. Panja dzuwa linali litakwera. Dalaivala anatsogola kukafuna galimoto yoti iwatenge, ndipo agogo ndi mpongozi anaima pa kanyumba ka mlonda kuti apereke kapepala kotulukira kamene loya anawalembera.

Mlondayo anali wa msinkhu wa agogo, imvi zikutuluka m'mbali mwa chipewa. Analandira kapepalako, nakayala pa buku. Sanakayang'ane. Anasuzumira kaye uku ndi uku, natulutsa foni m'thumba la malaya, naitsitsa kuseri kwa buku kuti a m'maofesi asaone. Mawu a Mawaya anamveka chapansipansi: alendo atatu, atuluke.

Pambali pa foniyo panali kabatani kabuluu.

Mpongozi anakaona, natembenukira kumsewu.

Mlonda anazindikira mochedwa kuti anthuwa ndani. Anavula chipewa. Anati malemu anamupeza tsiku lina akutembenuza kalata ya kusukulu ya mdzukulu wake, sanamufunse kanthu, anangopempha foni ndi lezala. Mayi wokolopa pansanjika yachiwiri ali nako koyera. Wophika tiyi ali nako. Pa ntchito pano, anatero motsitsa mawu, mabwana sadziwa kuti iye sawerenga. Zaka zinayi tsopano.

Agogo anabisa dzanja lamanja m'nsalu. Anayang'ana geti, anayang'ana mawindo a pamwamba amene satseguka, kenaka anasendera pafupi ndi mlondayo.

"Achimwene, mundimvere. Mapepala onse amene muli nawo kunyumba, a chipatala, a ntchito, a ana, muwatulutse. Muwamve mwezi uno usanathe. Muwauzenso anzanuwo. Musadikire mawa, ndipo lililonse mulimve kawiri."

Mlonda anafuna kufunsa chifukwa, koma agogo anali atatambasula kale dzanja kupempha foniyo. Kabatani kabuluko kanali katayamba kumatuka mbali imodzi. Guluu wa Mawaya sankakhalitsa, anamuuzapo kangapo kuti azigula wabwino. Anakabwezera pamalo pake ndi chala chachikulu, nakanikiza, nawerenga chamumtima mpaka makumi awiri monga ankachitira mwiniwake. Atachotsa chala, pa kabatanipo panatsala inki.